Kalata kwa osunga mbiri ku Harare ndi ku Zomba: tilozereni pamene pali mapepala a matchona

Kwa akuluakulu a National Archives of Zimbabwe kuno ku Harare ndi a National Archives of Malawi ku Zomba, kwa oyang'anira malaibulale a mayunivesite a m'maiko awiriwa, ndiponso kwa a Kazembe a Malawi kuno ku Harare.

Zikomo akuluakulu, ndagwira mwendo.

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala ku Mufakose. Mchombo wanga unagwera kuno ku Harare, koma malemu bambo anga anali a ku Dedza. Anachoka kumudzi ali mnyamata nkhondo yachiwiri itangotha, nadzera ku Tete, nawoloka Zambezi, nalowera cha ku Mutoko, ndipo sanabwererenso. Kwawo ankati ndi mtchona. Kuno ankawaitana Mubhurandaya, ngakhale ku Blantyre sanapondeko ndi tsiku limodzi lomwe. Chimene anatisiyira cholembedwa ndi chitupa chawo chakale, chimene ndimasunga m'kachitini ka tiyi.

Chandilembetsa kalatayi ndi mdzukulu wanga, mtsikana amene ali m'chaka chomaliza pa yunivesite ina mumzinda muno, kumene akuphunzira za chikhalidwe cha anthu. Kafukufuku wake ndi wa mabungwe a maliro amene Amalawi anayambitsa ku Mbare, ku Highfield ndi kuno ku Mufakose, aja timangoti beriya. Mabungwe amenewa ndiwo ankaika m'manda munthu wopanda mbale pafupi. Ankagula bokosi, kuphika nsima ya pasiwa, ndi kulemba kalata kumudzi kuti mwana wanu uja watisiya. Mtsikanayu wakula akuona agogo ake aakazi akuvala yunifomu ya bungwe popita kukasonkha. Koma aphunzitsi ake anamuuza zoona: zimene wamva pakhonde n'zofunika, koma ubwere ndi umboni wolembedwa. Ndiye miyezi yapitayi takhala tikuchezera patebulo, iye ndi foni yake ndi kompyuta yobwereka, ine pambali pake, kudikira kuti magetsi ayake, bandulo tikuigwiritsa ntchito mosinira ngati mchere wa kumapeto kwa mwezi.

Ndiyambe ndi kuthokoza, chifukwa zimene ndaona m'manja mwa mwanayu ine sindinazilotepo m'masiku anga a sukulu. Pa African Journals Online, imene inayamba mu 1998, wawerenga zolemba za akatswiri a mu Africa muno, zambiri osalipira kanthu. Pa JSTOR anatsegula akaunti yaulere imene imalola munthu kuwerenga nkhani zingapo pamwezi, ndipo kumeneko wapeza Society of Malawi Journal, imene inayamba kutuluka mu 1948 ikutchedwa Nyasaland Journal. Makope akale a Zambezia, magazini ya akatswiri a University of Zimbabwe, anawapeza pa tsamba la Michigan State University. Malamulo ndi zigamulo za makhoti zili pa ZimLII ndi pa MalawiLII. Malipoti a kalembera wa ku Zimbabwe wa 2022 ndi wa ku Malawi wa 2018 ali pa intaneti. Afrobarometer, kafukufuku wofunsa maganizo a anthu, imene kuno imagwira ntchito ndi Mass Public Opinion Institute ndipo ku Zomba ndi Centre for Social Research, imapereka mayankho a anthu kwaulere kwa aliyense wofuna kuwasanthula. Amene munathandizapo kuti zimenezi zitheke, Mulungu akudalitseni.

Komatu mwana atafika pa funso lake lenileni, njira inathera pamenepo. Afrobarometer imafunsa anthu 1,200 kapena 2,400 m'dziko lonse, ndiye Mchewa wa ku Mufakose akapezekamo amakhala mmodzi apa, wina apo, osakwana kuti unenepo kanthu. Nkhani za akatswiri zimene wawerenga zimatchula mafayilo pansi pa tsamba, nambala yakuti ku Harare, nambala yakuti ku Zomba. Iye akuona nambalazo koma sangadziwe kuti pafupi ndi fayilo imeneyo pali zinanso ziti, zikunena za chiyani, za zaka ziti. Ali ngati munthu amene wauzidwa kuti m'mudzi muno muli chimanga, koma palibe womulozera nkhokwe yake.

Inu akuluakulu mukudziwa bwino kuposa ine kuti nyumba zanu ziwirizi zinali nyumba imodzi. Nkhokwe ya mapepala ya ku Salisbury, amene lero ndi Harare, inakhazikitsidwa mu 1935. Mu 1946 inasanduka Central African Archives, yosunga mapepala a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo nthambi ya ku Zomba inatsegulidwa mu 1947. Chitaganya cha 1953 chitatha mu 1963, aliyense anayamba kuyendetsa yake, mapepala a boma la chitaganya natsalira kuno ku Harare. University of Zimbabwe, ya ku Mount Pleasant kuno ku Harare, nayonso inayamba ndi dzina lakuti University College of Rhodesia and Nyasaland. Malire anagawa mapepala, koma moyo wa munthu mmodzi ngati bambo anga unalembedwa mbali zonse ziwiri. Msonkho wawo ndi chilolezo chawo chotulukira zinalembedwa kwa bwana DC kumudzi. Ntchito yawo, nyumba yawo ya mulokeshoni ndi imfa yawo zinalembedwa kuno.

Ndipo sanali ochepa anthu amenewa. Komiti ya boma la Nyasaland ya 1935, yotsogozedwa ndi Travers Lacey, inayerekeza kuti amuna 120,000 anali kunja kwa dziko. Mu 1936 maboma atatu aja anapangana ku Salisbury za kayendedwe ka antchito, ndipo akuluakulu athu ankakumbukira malole a Ulere amene ankanyamula anthu popanda kulipira, ndi a Mthandizi amene ankalemba anthu ntchito za m'mapulazi. Ena anapitirira ku Joni ndi Wenela, mpaka ndege ija itagwa ku Francistown mu April 1974 ndi kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu naletsa kulemba anthu. Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, amene anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anayamba wagwirapo ntchito pa mgodi wa Shamva m'dziko muno. Pa 6 June 1972 mgodi wa malasha wa Wankie (lero Hwange) unaphulika, anthu 427 anafa, ena mwa iwo Amalawi. Kamuzu mwiniwake anagwirapo ntchito pa chipatala cha ku Hartley ali mnyamata, ndipo anakhala m'ndende ya Gwelo (lero Gweru) kuyambira March 1959 mpaka April 1960, anzake ena ali ku Khami. Chilichonse mwa zimenezi chinasiya mapepala. Ena ali m'nkhokwe ya kuno ku Harare pa Borrowdale Road, ena ku Zomba, a Wenela ali ku University of Johannesburg, makalata a abwanamkubwa ali m'nkhokwe ya boma la Britain ku Kew mu London pansi pa nambala ya CO 525. Mwana wa ku Mufakose amene ndalama ya kombi yomwe imamuvuta sangayende malo onsewa n'kumafunsa kuti kodi muli ndi kanthu konena za ife.

Pempho langa lalikulu ndi limodzi. Sindikupempha kuti mujambule pepala lililonse n'kuliika pa intaneti chaka chino. Ndikudziwa kuti imeneyo ndi ntchito ya ndalama zambiri ndi zaka zambiri. Ndikupempha mndandanda. Nyumba ziwirizi zikhalire pamodzi, zilembe kalozera mmodzi wa mafayilo onse okhudza anthu a ku Nyasaland amene anabwera kuno: nambala ya fayilo, mutu wake, zaka zake, ndi kumene ili. Kalozerayo aikidwe pa intaneti, waulere, wopepuka woti atseguke pa foni wamba osamaliza bandulo. Mindandanda yotaipidwa kale ilipo m'zipinda zanu zowerengeramo. Ophunzira a mbiri ndi a zosunga mabuku amakhala chaka chathunthu pa atachimenti. Apatseni ntchito imeneyi, aitaipe, wamkulu mmodzi aziwaunikira. Munthu akadziwa kuti fayilo imene akufuna ilipodi ndipo ili ku Zomba, angathe kusunga ndalama ya basi, kapena kupempha mnzake wa ku University of Malawi kuti akamuonere.

Apa ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa kalozerayo akalembedwa mosasamala adzakhala wopanda ntchito kwa ife. Makalaliki a nthawi imeneyo ankalemba zimene khutu lawo lamva. Munthu ankalembedwa dzina limodzi lokha, nthawi zina dzina limene mzungu wa papulazi anamupatsa, mfunda wake osaoneka paliponse. Ena ankasintha dala dzina pamalire kuti alowe mosavuta kapena kuti athawe bwana wankhanza. Mayina a malo nawonso anasintha. Mdzukulu wanga anataya masiku akufufuza Mangochi osapeza kanthu, mpaka nditamuuza kuti alembe Fort Johnston. Nsanje inali Port Herald, Mchinji inali Fort Manning, Chitipa inali Fort Hill, Nkhotakota inkalembedwa Kota Kota, Thyolo inali Cholo. Kuno Chegutu inali Hartley, Kadoma inali Gatooma, Chinhoyi inali Sinoia, Mbare inali Harari. Ine ndikuwadziwa mayinawa chifukwa ndinawamva m'kamwa mwa bambo anga. Ana a lero sawadziwa, ndipo kompyuta siingawauze pokhapokha munthu ataiphunzitsa. Kalozerayo alumikize dzina lakale ndi latsopano, ndipo mawu amene anthu eni ake ankagwiritsa ntchito, monga Mthandizi, Ulere, chibaro, Wenela ndi matchona, akhale mawu oti munthu akawalemba apeze kanthu. Mawu oyamba ofotokoza kagwiritsidwe ntchito kake alembedwenso m'Chichewa. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amatchula zinenero 16 zovomerezeka, ndipo pamndandandawo Chichewa ndicho choyamba.

Pali chinthu china chimene ndingakonde kuona chitajambulidwa msanga: nyuzipepala ya Bwalo la Nyasaland, imene inkasindikizidwa kuno ku Salisbury m'zaka za m'ma 1950. Pepala la nyuzipepala silichedwa kufumbutuka, ndipo m'nyuzipepala zotere ndimo anthu wamba ankalankhula ndi mawu awoawo, osati kudzera m'cholembera cha kalaliki.

Mwina mudzati zimenezi ndi za ophunzira okhaokha, zingathe kudikira. Kwa ife si choncho. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu obadwira kuno, amene sanaonepo Malawi, anauzidwa kuti akane unzika wa dziko la makolo awo, ndipo ambiri anayenda zaka ndi zitupa zolembedwa kuti alien, kutanthauza mlendo. Mapulazi atagawidwa kuyambira mu 2000, ndi nyumba zitagwetsedwa mu 2005, mabanja ambiri anataya timapepala tochepa timene anali nato. Gawo 43 la malamulo a 2013 linakonza zambiri: wobadwira kuno, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo ankakhala kuno, ndi nzika mwa kubadwa. Koma lamulo limafuna umboni. Mlongo wanga anabwezedwa kangapo pa ofesi ina, akumufunsa pepala losonyeza kumene bambo anachokera ndi pamene iye anabadwira, pomwe pulazi imene anabadwirapo inasintha manja kalekale. Kaundula wa antchito, buku la ubatizo, kapena kaundula wa nyumba za mulokeshoni angathe kukhala ndi mzere umodzi wotsegulira munthu wotere khomo. Ndikudziwa kuti m'mafayilo ena muli nkhani za matenda ndi za milandu zosayenera kumwazidwa pagulu, ndipo inu muli ndi malamulo ake a zimenezo. Kalozera saulula chinsinsi cha munthu. Amangonena kuti buku lakuti lilipo.

Tsopano kwa inu oyang'anira malaibulale. Kudzera mu Zimbabwe University Libraries Consortium kuno ndi MALICO ku Malawi, komanso Research4Life, mwatsegulira ophunzira anu magazini ambiri amene munthu payekha sangawakwanitse. Koma khomo limeneli limatsekeka tsiku limene mwana wavala gauni. Pasiwedi ikatha, mphunzitsi wa mbiri wa kusekondale, mtolankhani, wogwira ntchito yothandiza mabanja, mkulu wa mpingo amene akufuna kulemba mbiri ya mpingo wake, onse amatsala panja. Pamene mapangano anu ndi osindikiza akulola, ikani makompyuta angapo oti munthu wamba alowe, akhale, awerenge. Ndipo chimene chili m'manja mwanu kotheratu ndi zolemba za ophunzira anu omwe. Mdzukulu wanga wathandizidwa kwambiri ndi kafukufuku wa udokotala wa Anusa Daimon wonena za Amalawi a mu Zimbabwe, wa mu 2015, chifukwa University of the Free State inamuika poyera kuti aliyense amukopere. Buku la Zoë Groves la 2020 lonena za matchona analipeza movutikira, chifukwa mtengo wake ndi wa madola ambiri kwa banja ngati lathu. Chaka chilichonse ana a mayunivesite athu amalemba za ogwira ntchito m'mapulazi, za anthu a ku Epworth, za zvigure, monga amatchulira gule wamkulu kuno. Zolemba zimenezo zisamathere m'kabati. Ziikeni pa intaneti zonse, ndi zakale zomwe.

Ndinenepo chimene chimandiwawa. Ofufuza akhala akubwera m'malokeshoni mwathu kwa zaka zambiri. Amakhala pamphasa ndi agogo athu, amawajambula mawu, amadya nawo nsima, amatsazika bwino. Zimene analemba sitiziona. Gogo amamwalira osamva kuti mawu ake anapita kuti. Mayunivesite amene amapereka chilolezo cha kafukufuku aike lamulo lakuti wofufuza asiye kope pamalo oti anthu amene anawafunsa angalipeze, ndi tsamba limodzi lofotokoza mwachidule m'chinenero chimene anafunsira mafunsowo.

N'chifukwa chiyani ndikufulumiza? Mu 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba, ndipo mapepala ambiri a zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda anapsa. Mu December 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa ndi mabuku pafupifupi 45,000. Mu April 2021 moto unalowa mu Jagger Library ku Cape Town, mmene munali chuma cha maphunziro a za Africa. Madzi akatayika sawoleka. Koma intaneti nayonso si thanthwe. British Library, imene kudzera mu Endangered Archives Programme yathandiza kujambula mapepala akale a m'maboma a ku Malawi n'kuwaika poyera, inathyoledwa ndi akuba a pa kompyuta mu October 2023, ndipo zinthu zake zambiri zinatsekeka kwa nthawi yaitali. Kumayambiriro kwa 2025 boma la America litadula thandizo la USAID, ntchito ya kafukufuku wa DHS, imene ofufuza za umoyo ndi mabanja m'maiko athu awiri akhala akuidalira, inagwedezeka. Chimene tikuwerenga lero pa kompyuta ya ku Michigan kapena ku London tikuchiwerenga mwa chifundo cha eni ake. Tiwathokoze, koma kope lililonse likhalenso ku Harare ndi ku Zomba, lina kwa mnzake, kuti nyumba imodzi ikapsa inayo itsale nacho.

A Kazembe, gawo lanu ndi lakuti maboma awiriwa ali ndi komiti yokhazikika yokambirana za mgwirizano wawo. Mukamakonza nkhani zokakamba kumeneko, pakati pa za malonda ndi za misewu, ikanipo ndi iyi. Siidzadya ndalama zambiri, koma popanda mawu ochokera kumwamba akuluakulu a nkhokwe ziwirizi sangathe kusainirana okha.

Ifenso sitikubwera chimanjamanja. Mapepala ena ofunika kwambiri sali kwa inu, ali kwa ife. Mabungwe a maliro ali ndi mabuku a zopereka, olembedwa pamanja, mmene muli dzina la munthu, mudzi wake, mfumu yake ndi tsiku limene anaikidwa. Mpingo wa CCAP, umene ntchito yake pakati pa antchito ochokera ku Nyasaland inayamba kuno mu 1912 ndi mbusa T.C.B. Vlok wochokera ku mishoni ya Nkhoma, nukhala sinodi payokha mu 1965, uli ndi mabuku a ubatizo ndi a maukwati. Abale athu Achiyao ali ndi zawo m'mizikiti. M'masutikesi pansi pa mabedi muli makalata ochokera kumudzi ndi zithunzi za magulu a beni. Zonsezi zikudyedwa ndi chiswe ndi chinyezi, ndipo mlembi wa bungwe akamwalira ana amatha kukolezera moto buku lake osadziwa chimene lili. Njira ya Endangered Archives Programme ndi yabwino kutengerapo: buku limatsala kwa eni ake, chimene chimatengedwa ndi chithunzi chake. Titumizireni munthu mmodzi wodziwa ntchitoyi, Loweruka limodzi pamwezi, adzaphunzitse achinyamata athu kujambula bwino ndi kulemba kuti ichi n'chiyani, n'cha ndani, n'cha liti. Adzajambulenso mawu a nkhalamba zimene zinayenda ulendo wa ku Tete ndi mapazi, poti zatsala zowerengeka, ndipo azifunse m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka, mmene zimakumbukirira. Za kudambwe, eni gule ndiwo adzanene zoyenera kuikidwa poyera ndi zosayenera, ndipo mawu awo alemekezedwe. Holo ya tchalitchi tidzapempha tokha, chakudya cha mlendo wanuyo tidzaphika tokha.

Chitupa cha bambo anga mdzukulu wachijambula kale ndi foni yake, kumaso ndi kumbuyo. Pali dzina limodzi, nambala, boma la Dedza, ndi dzina la mfumu lolembedwa mopotoka moti tinatsutsana usiku wonse kuti likuti chiyani. Iye ayenera kupereka kafukufuku wake chaka chino chisanathe, ndipo adzapereka ndi zochepa zimene wapeza. Koma wandiuza kuti akufuna kupitiriza maphunzirowa, ndipo funso lake loyamba lidzakhala lakuti nambala ili pachitupayo inalembedwanso m'kaundula uti, ndipo kaundulayo ali pa Borrowdale Road kapena ku Zomba. Tiyankheni kudzera ku ofesi ya a Kazembe kapena m'mipingo yathu ya m'malokeshoni, uthenga udzatipeza.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Mufakose, Harare